Foni ilankhule chinenero cha mwini wake

Abale anga, mtima wandiwawa lero. Azakhali anga anyamuka ku Malingunde mbandakucha, kabaza kenako minibasi, mpaka kwathu ku Area 36, kuti ndingowawerengera uthenga wa pafoni. Uthengawo ndi wa bungwe lina lomwe linawalemba m'kaundula wa okalamba olandira thandizo, ndipo wonse uli m'Chingerezi. Mayi wa zaka zoposa 70, sukulu anailekera sitandade 2! Poyamba anapita kwa ejenti wa kumsika. Mnyamatayo anati, "Agogo, tchulani nambala yachinsinsi ndikuthandizeni." Anatchula pagulu. Ndalama imene anawapatsa m'manja ndi yoperewera ndi imene yalembedwa mu uthengamo.

Ngati thandizo ndi la munthu wakumudzi, foniyo imulankhule m'chinenero chake. Basi. Simungalembe gogo m'kaundula chifukwa ndi wosauka, kenako n'kumutumizira uthenga woti mpaka akafune wophunzira amuwerengere. Pamenepo ndalamayo mwapatsa wowerengayo, osati gogoyo. Mwamuika m'manja mwa mdzukulu, m'manja mwa ejenti, m'manja mwa aliyense wodziwa Chingerezi amene ali pafupi. Chinsinsi chake chatha, ulemu wake watha.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. Ndiye mukamakonza zinthuzi muli mu ofesi ku City Centre, mumaganizira ndani? Mwina amene amapanga mapulogalamuwa ndi akunja, mwina kumasulira kumadya ndalama, zimenezo si vuto la azakhali anga.

Ndipo musandiuze kuti n'zosatheka. Chipatala cha pa Foni chinayambira ku Balaka mu 2011. Mayi woyembekezera amaimba 54747 n'kulankhula ndi munthu m'Chichewa, mawu apakamwa, osafunika kudziwa kuwerenga. Ngati zinatheka pa zaumoyo, zikulephereka bwanji pa ndalama ya nkhalamba? Mu 2017 dziko lino linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika, makina anafika mpaka kumidzi yakutali. Pofuna dzina ndi chala cha munthu njira mumaipeza. Pofuna kumuuza kuti ndalama yake ndi ingati, m'mawu oti amve, njira yasowa?

Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Pa tsiku lokhazikitsa ntchitoyi pamakhala zikwangwani, atolankhani, kuwomba m'manja kuti tsopano thandizo likuyenda pafoni. Pitani mukaone mwini thandizoyo ataima pa kauntala, foni ili m'manja mwa wina.

Ndipo azakhali anga ndi Mchewa, chinenero chawo chimamveka pa wailesi tsiku lililonse. Nanga gogo wa ku Chitipa wolankhula Chilambya, Chindali kapena Chisukwa? Nanga wa ku Nsanje amene pakamwa pake ndi Chisena, wa ku Makanjira wa Chiyao? Amenewo ngakhale Chichewa cholembedwa ndi chachilendo. Muwaimbire, amve mawu a kwawo akutchula ndalamayo, kuti pofika kwa ejenti akhale akuidziwa kale.

China chondinyansa ndi kutchaja. Kumudzi kwawo kulibe magetsi, foni imakagona pa shopu ya sola ndipo amalipira. Netiweki mpaka akwere pachulu kuseri kwa dimba. Wosauka yemweyo azilipira kuti angomva kuti thandizo lake lafika?