Kung fu ya mkati si kukhwima

Nkhani ya kung fu ikabuka pagulu, sipalephera munthu mmodzi wotsitsa mawu n'kunena kuti, "Amwene, izo mukunenazo ndi za kunja. Ilipo ya mkati. Mdala amangokugunda ndi chala, iwe n'kukadzidzimukira kuchipatala." Enafe timangogwedeza mitu, poti tinakula tikuonera mafilimu a madala a ndevu zoyera akuuluka pamwamba pa nsungwi. Choncho m'mitu mwathu nkhaniyi inagawika kalekale: ya kunja ndi ya anyamata a minofu ophwanya njerwa, ya mkati ndi ya anthu okhwima. Ine kugawa kumeneku ndimakukana. Kwapusitsa anthu ambiri, ndipo ena mwa opusitsidwawo ndi eni ake a ku China.

Mayinawo alipodi, sindikutsutsa. Banja la mkati amati neijia, la kunja amati waijia. Lero mukafunsa akuuzani kuti tai chi, xingyi ndi bagua ndi za mkati, pomwe Shaolin ndi mitundu ya kummwera monga Hung Gar ndi Choy Li Fut ndi za kunja. Koma tafunsani kuti anayamba kugawa chonchi ndani, ndipo ankafuna chiyani.

Malo oyamba odziwika pamene kugawaku kunalembedwa ndi mawu a pachiliza. Mu 1669, katswiri wa maphunziro Huang Zongxi analemba mawu okumbukira munthu wina wodziwa nkhonya, Wang Zhengnan. Iye anati a Shaolin amathamangira kuukira mdani, pomwe a banja la mkati amadekha n'kugonjetsa wobwera ndi liwiro, ndipo luso lawo linachokera kwa Zhang Sanfeng, wa chipembedzo cha Chitao wa kumapiri a Wudang. Tsono taonani chakacho. Ufumu wa Ming unali utagwa mu 1644, dziko lili m'manja mwa a Manchu ochokera kumpoto, ndipo Huang anali mmodzi mwa amene analimbana nawo, kenako n'kukana kuwagwirira ntchito. Chitao chinabadwira ku China komweko. Chibuda, chipembedzo cha ku kachisi wa Shaolin, chinachokera ku India. Ndiye munthu wotere akamati cha mkati chimaposa cha kunja, akunena za zibakera zokha? Olemba mbiri ena, monga Stanley Henning, amati ankalasa obwera amene analanda dziko, koma mozimbayitsa kuti mutu wake usadulidwe. Ine ndili kumbali yawo. Komanso m'mawu a Huang aja mulibe tai chi, mulibe xingyi, mulibe bagua. Zitatuzi zinadzalowetsedwa m'banjamo patapita zaka zoposa 200.

Amene anatchukitsa kwambiri zoziika pamodzi ndi Sun Lutang, yemwe anaphunzira zonse zitatu n'kuyamba kusindikiza mabuku mu 1915. Ankazifotokoza ndi nzeru za Chitao, ndipo anthu ophunzira a m'tauni, amene kale ankaona nkhonya ngati ntchito ya alonda ndi asilikali, anayamba kuzipatsa ulemu. Mu 1928 sukulu yayikulu ya masewerawa itatsegulidwa ku Nanjing, inagawidwa pawiri, mbali ya Shaolin ndi mbali ya Wudang. Mbali ziwirizi zinakangana moti kugawako sikunakhalitse, koma mayina anali atakhazikika kale pakamwa pa anthu. Kuyambira pamenepo mawu oti "mkati" akhala akutsatsira malonda: yanga ndi yakuya, ya anzangawo ndi yapamwamba chabe.

Kusiyana kulipo ndithu, koma kuli pa khomo limene munthu amalowera.

Mwana wa ku Shaolin, kapena ana aja amaphunzira kung fu ku Amitofo, malo osamalira ana amasiye ku Blantyre, amayamba ndi zooneka ndi maso. Kuthamanga, kutambasula miyendo, kunjuta motangadza mpaka ntchafu zizinjenjemera, mateche, zibakera, kudumpha. M'masukulu ena a kunja amamenyanso matumba a nyemba kapena mchenga kuti manja alimbe, n'kumadzola mankhwala azitsamba kuti zotupa ziphwe. Pakatha miyezi ingapo, aliyense amaona kuti mwanayu wasintha.

Wa mkati, tsiku loyamba akhoza kukhumudwa. Mphunzitsi amangomuimika. Mapazi otalikirana pang'ono, mawondo opinda pang'ono, manja kutsogolo kwa chifuwa ngati wakumbatira mtengo, basi. Amati zhan zhuang. Mphindi zoyamba munthu amadziseka, amati ndalama zanga zapita. Kenako mapewa amayamba kuwotcha, miyendo kunjenjemera, mano walumanitsa osadziwa, mpweya wakwera kukhosi. Mphunzitsi amabwera, n'kumugunda paphewa: "Masula apa." Akamasula phewa, msana wauma gwa. Akamasula msana, zala zakhwinyata. Ntchito yake ndi imeneyo, kufufuza paliponse pamene thupi likulimbana lokha n'kumasulapo pamodzipamodzi, mpaka kulemera konse kutsike m'mafupa kukafika pansi. A xingyi ali ndi kaimidwe kawo, santishi, komwe mwendo wakumbuyo ndiwo umasenza thupi. A bagua amayenda mozungulira, kuzungulira, chiuno chitapotokera pakati pa bwalo. Palibe chosangalatsa kuonera apa, n'chifukwa chake opanga mafilimu amadumphapo n'kutipatsa madala ouluka aja.

Cholinga chake n'chakuti chibakera chisachokere pamkono. Malemba akale a tai chi amati mphamvu imazika m'mapazi, imakwera ndi miyendo, chiuno chimaiwongolera, n'kukaonekera m'zala. Amene anaonapo mayi wozolowera kusinja sangadabwe nazo. Mtsikana wongoyamba amanyamula munsi ndi mikono, amaugwetsa ndi mikono, posakhalitsa ali wefuwefu, matuza m'manja. Mayi uja amapinda mawondo, munsi umakwera ndi msana, umatsika ndi kulemera kwa thupi lonse, mpweya ukutuluka limodzi ndi kugunda, mwana ali kumbuyo, nyimbo ili pakamwa. Mikono yake ndi yofewa koma chimanga chikukonoka. Palibe amati mayiyu anatemera mphini.

Nanga qi, mphamvu imene amati imayenda m'thupi, yomwe amaitchula pafupipafupi? Kwa ine ndi chilankhulo chimene aphunzitsi akale anali nacho pofotokoza zimene wophunzira akumva m'thupi. Akamati tsitsa qi ku dantian, m'munsi mwa mchombo, ndipo iwe n'kuchita, chifuwa chimamasuka, kupuma kumatsikira m'mimba, munthu akakukankha sugwedezeka msanga. Zimagwira ntchito kaya ukhulupirira kaya ayi. Koma mavidiyo aja a pa intaneti, mphunzitsi akungotambasula chikhatho anthu n'kumagwa ali patali, amenewo ndi ophunzira odzigwetsa okha posafuna kuchititsa manyazi mphunzitsi wawo.

Ndiye mukayang'anitsitsa mpanda umene amati uli pakati, mupeza uli ndi mipata paliponse. Ku Shaolin kuli maphunziro a kupuma ndi kuongola mitsempha otchedwa Yijin Jing. Nthano imati anawasiya Bodhidharma, mmonke wakale wa Chibuda, koma ofufuza anapeza kuti bukulo ndi la m'zaka za m'ma 1600 ndipo ladzala ndi nzeru za Chitao. Ndiye kuti m'kachisi wa "kunja" muli za mkati. Pitani ku Chenjiagou, mudzi wa banja la Chen m'chigawo cha Henan kumene tai chi anakulira, chigawo chomwecho chimene kuli Shaolin. Ali ndi kasewero kotchedwa paochui, kodzala ndi kudumpha, kuponda pansi mwamphamvu ndi zibakera zophulika, ndipo amagwedeza mitengo italiitali yolemera kuti chiuno chilimbe. Mayina ambiri a kayendedwe kawo amapezekanso pa mitundu 32 ya kaimidwe imene mkulu wa asilikali Qi Jiguang analemba cha m'ma 1560, pamene ankaphunzitsa asilikali olimbana ndi zigawenga za panyanja. Msilikali ameneyu sankasamala za mkati kapena kunja, ankafuna zogwira ntchito. Eni ake ali ndi mwambi woti mkati phunzitsa mpweya, kunja phunzitsa mitsempha, mafupa ndi khungu, ndipo mwambiwu umakamba za munthu mmodzi, osati masukulu awiri.

Chimene chimandipweteka ndi ichi. Wa kunja akanama, bodza lake limaoneka msanga, chifukwa theche likakhala lofooka aliyense waona. Wa mkati akhoza kunama zaka makumi awiri, poti zimene akugulitsa siziwoneka. Mu 2017 ku Chengdu, Xu Xiaodong wa MMA, nkhonya yophatikiza zibakera, mateche ndi kugwetsana, anamenyana ndi Wei Lei, amene ankadzitcha katswiri wa tai chi ndipo anali ataonekapo pa wailesi yakanema ya boma. Zinatha m'masekondi ochepa, Wei ali pansi akulandira zibakera kumutu. Anthu ambiri ku China anakwiyira Xu kuti wanyoza chikhalidwe. Ine ndimaona kuti wonyoza chikhalidwe anali wogwayo. Akale a xingyi ku Shanxi ankalembedwa ganyu yoperekeza katundu wa amalonda m'misewu ya achifwamba. Yang Luchan, amene anapititsa tai chi ku Beijing, anapatsidwa dzina loti wosagonjetseka. Anthu amenewa ankaima ngati mtengo m'mawa, inde, koma ankadziwanso kulandira chibakera pamphuno. Ndewu ya ku Chengdu sinaonetse kuti kumasula thupi n'kopanda ntchito. Inaonetsa kuti munthu amene sanayambe wamenyedwapo sadziwa kumenya, ngakhale atavala malaya a silika okongola bwanji.

Tai chi ali ndi masewera a awiriawiri otchedwa tuishou. Mikono imagundana, wina amakankha, mnzake amamvetsera ndi khungu kumene mphamvu ikulowera n'kuipatutsa. Ndi maphunziro abwino kwambiri, ndipo amene anagwiranapo m'masewera ogwetsana amazindikira msanga phindu lake. Koma mnzako pamenepo wavomera kuti sakumenya kumaso. Wa mumsewu sanavomere chilichonse.

Apa ndisamveke molakwika. Anthu miyandamiyanda amachita tai chi m'mapaki m'mamawa, ambiri mwa iwo akutsata kasewero kachidule ka magawo 24 kamene boma la China linakonza mu 1956 kaamba ka thanzi la anthu, ndipo mu 2020 UNESCO inaika tai chi pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse. Madokotala ambiri amalimbikitsa okalamba kuchita tai chi chifukwa amathandiza kuti asamagweigwe. Agogo amene akufuna kuti miyendo iwamvere, mtima ukhale pansi, alowere khomo la mkati osachita manyazi, ndipo safunika kumenyana ndi wina aliyense. Vuto langa lili ndi wogulitsa mankhwala a mawondo atalembapo kuti ndi a nkhondo.

Choncho achinyamata amene mukufuna kudziteteza, musataye nthawi kufunsa mphunzitsi ngati yake ndi ya mkati kapena ya kunja. Mufunseni kuti ophunzira ake amavala magolovesi tsiku liti, ndipo mukhoza kudzaonerera kapena ayi. Akayankha kuti luso lake n'loopsa kwambiri moti sangaliyese pa munthu, ndalama ya mwezi umenewo kagulireni nsapato zothamangira.