Tubbataha si malo ophunzirirapo kusambira pansi pa madzi

Alembi, m'nkhani yanu mwaitama bwino Tubbataha ngati malo osambirirapo pansi pa madzi, koma simunachenjeze anthu. Malowa ali pakati pa nyanja ya Sulu, makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Puerto Princesa ku Philippines. Boti limanyamuka madzulo n'kukafika kukucha, ndipo masiku onse mumagona, kudya ndi kudumphira m'madzi kuchokera m'botimo. Kulibe hotela, kulibe chipatala. Nyengo yake ndi Marichi mpaka Juni basi, nyanja ikakhala bata. Madzi amakoka mwamphamvu m'mbali mwa matanthwe a korali, ndiye inu amene munaphunzirira kusambiraku ku Nkhata Bay musadzinamize: madzi amchere amayandamitsa, pamafunika kuwonjezera zolemera m'chiuno. Koma shaki ndi akamba am'madzi mudzawaona ndithu, poti malowa ndi otetezedwa ndipo kuwedza n'koletsedwa. Ngakhale America inalipira chindapusa sitima yake yankhondo itagunda matanthwewo mu 2013.