Musandifunsenso kuti ndikuyenda ndi ndani

Ndikangotchula kuti ndili ndi ulendo, funso limakhala lomwelo: "Mukupita ndi ndani?" Ndikati ndekha, foni imayamba yati zii, kenako madandaulo. Azakhali amati Mulungu andichitire chifundo. Wina pagulu la WhatsApp amaponya mwambi uja wakuti kalikokha n'kanyama, pomwe wina wayamba kale kusakasaka munthu amene akudzera njira yomweyo tsiku lomwelo kuti "akandiyang'anire". Zaka zonse ndakhala kunja kuno ndakhala ndikungomeza mawu, poti ndikudziwa kuti amalankhula mwachikondi. Koma lero ndilankhula, chifukwa maganizo amenewa akupweteketsa ana a anthu.

Tsiku limene ndinaona zakuda paulendo ndinali ndi wondiperekeza. Unali ulendo wanga woyamba wa pandege, ndipo akuluakulu anandipereka m'manja mwa bambo wina amene ankati ndi katakwe pa maulendo akunja. Tisanakwere n'komwe, bamboyo anati, "Achemwali, bweretsani pasipoti ndi mapepala onse ndikusungireni, inu mungataye." Ndinapereka mosakayika. Pasipoti, tikiti yobwerera, kalata yondiitana, pepala la inshuwalansi, zonse zinalowa m'kachikwama kawo kachikopa. Titatsika, mizere inagawikana. Iwo anali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo, ndiye anangondipatsira pasipoti m'manja n'kulowera mzere wawo wachangu. Mapepala ena onse anapita nawo.

Nditafika pawindo, ofesala wa imigireshoni anandifunsa kumene ndikukafikira. Adiresi sindinkaidziwa. Anafunsa tsiku lobwerera ndi tikiti yake, ine n'kumangoloza kumene bambo aja analowera. Anafunsa amene adzandisamale pa ndalama, dzina ndinatchula koma nambala ya foni inali papepala lomwe lija. Ndinangoti kakasi, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Anandilowetsa m'kachipinda kopanda zenera, ka mipando yokhomerera pansi, ndipo ndinakhalamo maola anayi ndikuyang'ana wotchi ya pakhoma. Foni inali itazima. Chinandipulumutsa n'chakuti mayi wina wogwira ntchito pamenepo anandibwereka chaja, ndipo nditayatsa ndinapeza kalata yondiitana ija mu imelo. Nanga katakwe uja? Anadikira pang'ono, n'kukwera sitima kumapita kwawo. Atafunsidwa mawa lake anati ankayesa kuti ndatsogola.

Ofesala uja sindimuimba mlandu, ankagwira ntchito yake. Chimene palibe anandiuza n'chakuti viza imangokufikitsa pakhomo, wokutsegulira ndi amene wakhala pawindoyo, ndipo munthu wamkulu aliyense amayankha yekha mafunso ake. Kaya mwabwera khumi, pawindo paja umaima ndi pakamwa pako. Ngati ukulowa ngati mlendo m'maiko a Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya amene amagwiritsa ntchito viza imodzi, uyenera kudziwa wekha kuti masiku ako ndi 90 m'kati mwa masiku 180 alionse, kuti pasipoti yako ikhale ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lotuluka, komanso kuti wopempha viza amafunika inshuwalansi ya zaumoyo yofika mayuro 30,000. Zonsezi ndinazidziwa nditayamba kuyenda ndekha, chifukwa woyenda yekha amawerenga pepala lililonse kawiri. Woperekezedwa amangotsatira msana wa mnzake.

Ndipo mawu aja akuti "bweretsani pasipoti ndikusungireni" mpaka lero amandiwawa, chifukwa ine ndinataya maola anayi okha, pamene ena mawu omwewo anawatayitsa zaka. Atsikana ambiri amene amakavutika pantchito za m'nyumba m'maiko ena a ku Gulf ndi ku Lebanon sanyamuka okha ayi. Amakhala ndi ejenti wowayendetsera mapepala, wowaperekeza kubwalo la ndege, wina wowachingamira akatsika, ndipo makolo amagona tulo poganiza kuti mwana ali m'manja mwa anthu. Akafika, pasipoti imalandidwa. Pansi pa dongosolo la kafala, chilolezo chokhala m'dziko chimamangiriridwa kwa bwana, moti ukathawa nkhanza ndiwe amene umaoneka wolakwa. Bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, linaika kulanda munthu ziphaso zake pa mndandanda wa zizindikiro 11 za ntchito yokakamiza. Ndiye mukamasangalala kuti mwana wanu wapeza "womugwira dzanja", munayamba mwafunsapo kuti pasipoti yake igona m'thumba la ndani?

Palinso ili, limene landidanitsa ndi anthu ambiri. Akamva kuti ukuyenda wekha, m'maganizo mwawo umasanduka galimoto ya katundu. Ulibe mwana wobereka, ulibe mwamuna wosamalira, ndiye kuti m'sutikesi mwako muli malo. "Kaphukusi kakang'ono chabe, achemwali, wina akakuchingamirani pofika." Chaka chatha mayi wina amene timapemphera naye anandibweretsera kabokosi kokulungidwa ndi selotepi yabulauni mbali zonse, kopanda dzina, akuti n'ka mlamu wa mnzawo. Ndinatenga mpeni n'kunena kuti titsegule limodzi pompano. Nkhope inasintha. Akuti ndawanyoza, ndawayesa mbava, kunja kwandisintha. Anakanyamula kosatsegula n'kumapita, ndipo mpaka lero moni wake ndi wa patali.

Mwina munali zovala zokha, n'kutheka. Koma pabwalo la ndege akafunsa kuti chikwamachi mwalongedza nokha kodi, yankho lako ndi limene lidzakumange. Ku Singapore, kupezeka ukuzembetsa heroin woposa magalamu 15 kapena chamba choposa magalamu 500 chilango chake chimafika pa imfa. Mu 2011 dziko la China linapha mayi wina wa ku South Africa amene anagwidwa pabwalo la ndege la Guangzhou mu 2008 ali ndi makilogalamu atatu a mankhwala osokoneza bongo m'chikwama. Iye ankanena kuti ena anachita kumuikira, koma sizinamupulumutse. Ndiye munthu akundikwiyira chifukwa ndafuna kuona chimene ndikanyamule pa dzina langa? Akwiye.

Za miseche ndingodutsa msanga, chifukwa n'zotopetsa. Mkazi akayenda yekha akuti ali ndi chibwenzi chobisika, kapena banja linamukanika, kapena ndalama zamuchulukira. Ndalama zake ziti? Chipinda chogona chimene awiri akanagawana mtengo ndimalipira ndekha, takisi ndekha. Ulendo wanga wambiri ndi wokasaina mapepala, wokafunsira ntchito mumzinda wina, wokaona m'bale amene wagonekedwa m'chipatala. Ndidikire kuti apezeke wondiperekeza, ntchitoyo idzandidikira?

Sindikunena kuti kuyenda wekha n'kokoma nthawi zonse. Ukafuna kupita kuchimbudzi umakoka zikwama zonse kulowa nazo, chifukwa palibe wokuyang'anira. Ndege ikachedwa usiku wonse sugona, umangosinza lamba wa chikwama utamukulunga pamkono. Ndinadwalapo malungo a chimfine m'chipinda cha hotela mumzinda umene sindinkadziwa aliyense, thupi likunjenjemera, madzi akumwa atatha, ndipo ndinalira ngati mwana. Kusungulumwa kulipo, ndipo kumabaya kwambiri ukaona chinthu chokongola n'kutembenuka kuti uuze munthu, n'kupeza palibe. Amene anati kuyenda awiri si mantha sananame. Mnzako weniweni paulendo ndi dalitso, ndipo ndikampeza wotero ndimayenda naye mosangalala. Chimene ndikukana ndi ichi chongotola munthu aliyense, bola akupuma, n'kumusenzetsa moyo wa mwana wanu.

Usiku umene ndinadwala uja, chinandilimbitsa mtima n'chakuti ndinkadziwa chochita. Ndinkadziwa kuti m'maiko onse a European Union nambala 112 ndi yaulere ndipo imaitana ambulansi kapena apolisi. Khadi ya inshuwalansi inali pansi pa pilo. Mchemwali wanga anali ndi adiresi ya hotelayo chifukwa ndinamutumizira ndisananyamuke. Sutikesi yanga itasowa paulendo wina, sindinatuluke m'bwalo la ndege ndisanalembetse lipoti padesiki ya kampani ya ndegeyo, poti Pangano la Montreal la 1999 limati chikwama chikapanda kufika patatha masiku 21 mwini wake akhoza kuitanitsa chipukuta misozi ngati chatayika. Ndikudziwanso kuti nditamangidwa kudziko la eni, Pangano la Vienna la 1963, ndime 36, limandipatsa ufulu wouza apolisi kuti adziwitse ofesi ya kazembe wa dziko langa. Mwa anthu onse amene anandilirira kuti ndikuyenda ndekha, palibe ndi mmodzi yemwe anandiuzapo chimodzi mwa zimenezi. Ndinazitola ndekha, pang'onopang'ono, zina nditapsa kale.

Chimene chandilembetsa zonsezi ndi mwana wa achimwene anga. Mtsikana wa zaka 22, wapeza malo a sukulu kunja, ndipo banja lonse lakhala likuthamangathamanga kufuna munthu woti apite naye. Anapezadi wina, mnzake wa mnzake wa amalume, amene palibe anamuonapo nkhope, ndipo uthenga wake woyamba unali wakuti mtsikanayo atumize chithunzi cha pasipoti komanso asiye malo a makilogalamu asanu m'sutikesi. Nditamva, mutu unandizungulira. Ndinamuimbira mwanayo usiku womwewo ndipo tinakhala pafoni maola awiri. Ndinamuuza kuti asindikize kalata ya sukulu, adiresi ya kumene akukagona ndi umboni wa ndalama, aziike m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi chaja. Nambala ziwiri za foni aziloweze pamtima. Pasipoti aionetse kwa wovala yunifolomu amene ali padesiki, ikangodindidwa ibwerere m'thumba lake la m'kati. Akasochera pabwalo la ndege afunse ogwira ntchito pamenepo, asatsatire munthu amene wangomumwetulira chifukwa amalankhula chinenero chimodzi. Kenako ndinamuyesa mafunso a pawindo aja, ine ngati ofesala, mpaka mawu ake anasiya kunjenjemera.

Achimwene anandikwiyira, akuti ndikuphunzitsa mwana wawo kudzikuza ndipo chikamuchitikira chinthu mlandu udzakhala wanga. Ndavomera, ukhale wanga. Bambo wa makilogalamu asanu uja ndamuuza ndekha kuti mtsikanayo sanyamula katundu wa munthu, ndipo kuyambira pamenepo sanayankhenso foni. Mwanayo anyamuka Lachisanu. Dzulo wanditumizira chithunzi cha envelopu ya pulasitiki muli mapepala ake onse, atawandandalika malinga ndi mmene adzawafunsire.