Bilu ikapita ku komiti, komitiyo izibwera kuno

Abale anga a kuno ku Thyolo ndi Mulanje, aphungu akamakumana ku Lilongwe ife timatchera khutu pa zinthu ziwiri basi: a Sipikala akamatulutsa wina m'Nyumba, ndi bajeti ikafika pa feteleza. Koma nduna ikabwera ndi bilu yatsopano, chikalata chimene akufuna kuti chikhale lamulo, mutu wake n'kuwerengedwa, kenako n'kumva kuti yatumizidwa ku komiti, timasintha siteshoni kukasaka mpira. Pamenepo m'pamene timaluzira.

Bilu imayamba yasindikizidwa mu Gazette, chikalata cha zilengezo za boma, ndipo malamulo a Nyumbayo amati padutse masiku 28 aphungu asanayambe kuikambirana. Kuwerenga koyamba n'kwamwambo chabe, amangotchula dzina lake. Ikatero komiti yoyenera, kaya ya zamalamulo, ya zaulimi kapena ya bajeti, imakhala nayo pansi, kuitana akuluakulu a unduna, kumva mabungwe ndi ena okhudzidwa, n'kulemba lipoti loti Nyumba yonse imve. Ndiye pamabwera mtsutso waukulu uja timaumva pa wailesi, kudutsa ndime ndi ndime, kuwerenga kachitatu, mpaka pa tebulo la Pulezidenti, yemwe ali ndi masiku 21 oti asainire kapena aibweze. Pa ulendo wonsewu, malo okhawo amene munthu wosakhala phungu angatsegule pakamwa n'kumvedwa ndi ku komiti. M'Nyumba muja mlendo amakhala chete pa mipando ya alendo, akangoyankhula asilikali amutulutsa. Komanso m'Nyumba phungu amavota akuyang'ana nkhope ya chipani chake. Ku komiti a boma ndi otsutsa amakhala tebulo limodzi, makamera ndi ochepa, ndipo ndime yoipa imatha kukonzedwa popanda wina kuchita manyazi kuti wagonja.

Nanga pakhomo limeneli amalowapo ndani? Misonkhano ya makomiti imachitikira ku Lilongwe, ikatuluka m'tauni ndiye kuti yapita ku hotela ya kunyanja. Oitanidwa ndi mabungwe okhala ndi maofesi ndi magalimoto, anthu odziwa kulemba malipoti. Sindikuwanyoza, ena amagwiradi ntchito. Koma bilu ili m'Chingerezi cha maloya, chimene ngakhale ife a MSCE timabwereza chiganizo chimodzi kangapo tisanamve mutu wake. Malamulo oyendetsera dziko amafuna kuti phungu azidziwa Chingerezi, koma sanena paliponse kuti wovota achidziwe. Ndipo gawo 8 la malamulo omwewo likuti Nyumbayi ikamapanga malamulo iziganizira zofuna za anthu onse a m'Malawi. Mayi wothyola tiyi ku Makwasa ndi mmodzi wa anthu onsewo.

Tengani nkhani ya malo, imene kuno ndi bala losapola. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inadutsitsa mulu wa malamulo a malo, kuphatikizapo Land Act yatsopano ndi Customary Land Act, lokhudza malo a makolo. Kodi m'Malawi muno muli maboma amene nkhani ya malo imawapweteka kuposa athu awiriwa? Imani pa msewu wochokera ku Bvumbwe kupita ku boma, kapena wa ku Chitakale kulowera ku Limbuli: mbali ina tiyi wobiriwira mpaka maso kutopa, mbali inayi midzi yothinana, munthu akulima kachigawo koti chimanga chake sichifika Okutobala. Malo a maesiteti aja anachoka m'manja mwa makolo athu kudzera m'zikalata zimene Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, ankapereka kwa azungu m'zaka za m'ma 1890, ndipo pamalo omwewo m'pamene agogo athu analawa thangata. Boma linayesapo kuchepetsa kuthinanaku ndi pulojekiti ya Kudzigulira Malo, mabanja ambiri n'kusamukira ku Machinga ndi Mangochi, koma otsala tikadali opanikizika. Chaka chomwecho cha 2016 gulu la People's Land Organisation la Vincent Wandale linali pakalapakala kuno kufuna malo. Zimene Wandale ankanena zoti Thyolo ndi Mulanje likhale dziko palokha ine sindinagwirizane nazo, koma anthu amene ankamutsatira sanali openga, anali opanda polima. Malamulo aja atatuluka, malo a maesiteti anatsala monga analili, ndipo amene anauzidwa kuti asinthe kachitidwe kawo ndi ife a malo a makolo.

Lamulo la malo a makololi lili ndi zabwino zake, ndisakane. Munthu ukhoza kulembetsa munda wako n'kukhala ndi chikalata, kuti mfumu yadyera isaugulitse uli m'tulo. Komiti ya malo ya m'mudzi, yotsogozedwa ndi a gulupu, iyenera kukhala ndi amayi osachepera atatu mwa anthu 6 osankhidwa. Vuto n'lakuti kuno ndi kwa chikamwini. Munda ndi wa mbumba, umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi, mwinimbumba akuyang'anira, ndipo mwamuna ndi wobwera.

Ndinakhalapo pa msonkhano wina wofotokozera malamulo amenewa, pabwalo la a gulupu, anthu atakhala pansi pa mtengo wa mango, alendo ali pa mabenchi obwereka kusukulu. Mnyamata wa kuofesi anafotokoza bwino ndithu, mapepala ali m'manja. Atatha, agogo ena aakazi anadzuka, n'kumanganso chitenje, n'kufunsa: "Bambo, munda umene ndikulima ndi wa amayi anga. Ndikalembetsa dzina langa, ana a mng'ono wanga amene ali ku Joni akadzabwera adzalima pati? Nanga akakalembetsa ndi mkamwini wanga, poti ndiye wodziwa kulemba, ukwati ukadzatha munda udzakhala wa yani?" Anthu anang'ung'udza kuvomereza. Mnyamata uja anatembenuza mapepala ake, n'kunena mwaulemu kuti akhoza kulembetsa ngati banja, koma zina zonsezo lamulo linadutsa kale, iwo angobwera kudzafotokoza. Sindimuda mnyamatayo. Funso la agogo aja linali labwino kuposa ambiri amene ndamvapo pa wailesi kuchokera m'Nyumba, koma linafika mochedwa, madzi atatayika kale. Linkayenera kufunsidwa pamaso pa aphungu a komiti, ndime zikadali zoti n'kusintha. Ndipo taonani, pofika 2022 Nyumba yomweyo inabwereranso ku malamulo a malo aja kukawakonza.

Mu 2021 anasintha lamulo la Labour Relations: tsopano mukanyanyala ntchito kupitirira masiku atatu pa chaka, bwana ali ndi ufulu wokudulani malipiro a masiku enawo. Bungwe loimira ogwira ntchito la MCTU linadandaula kwambiri. Wogwira ntchito mu ofesi angapirire mwina. Koma ganizirani munthu amene moyo wake uli pa sikelo, dengu kumsana kuyambira m'mamawa, kapitawo akulemba makilo, ndipo malipiro ake akamafika amakhala atadyedwa kale ndi ngongole ya pa golosale. Kwa iyeyo tsiku lachinayi la sitalaka ndi tsiku logona ndi njala, ndiye kuti mphamvu yake yokambirana ndi abwana yathera pa tsiku lachitatu. Mwina pali zifukwa zomveka zimene boma linali nazo. Koma ambiri mwa anthu amene ndimacheza nawo m'makomboni anamva za lamuloli litasainidwa kale.

Pena bilu imagona, pena imathamanga, ndipo zonse ziwiri zimatipweteka. Dziko lino linkayendera lamulo la ngozi zogwa mwadzidzidzi la 1991, bilu yatsopano ikungokambidwa zaka ndi zaka. Namondwe wa Freddy atabwera mu Marichi 2023, madzi ndi miyala zikutsika m'mapiri kukokolola midzi kuno, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre, anthu oposa 1,000 n'kufa kapena kusowa, bilu ija inadutsa mwezi wotsatira. Chabwino, inafunikadi. Koma nkhani yosamutsa anthu m'malo oopsa, ku Mulanje kuno mukuwasamutsira kuti? Munthu amamanga m'mphepete mwa Ruo kapena m'tsinde mwa phiri podziwa bwino lomwe kuti madzi amabwera, koma kumtunda kwabwino kuli tiyi. Zaka zonse zimene biluyo inali m'madirowa, komiti ikanatha kubwera ku Muloza kudzamva zimenezi.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi chizolowezi chochotsa masiku 28 aja. Mumve bwino pa wailesi: nduna imadzuka, n'kupempha kuti lamulo la masikuwo liyambe laikidwa pambali chifukwa nkhani ndi yachangu, ambiri n'kuvomera. Kawirikawiri zimachitika pa mabilu a ngongole. Boma likufuna kukongola ndalama zimene adzabweze ndi ana athu, aphungu alandira mapepala dzulodzulo, lero akuvota. Changu chenicheni chilipo, monga nthawi ya namondwe. Koma ngongole imene unduna wakhala ukukambirana ndi obwereketsa kwa miyezi yambiri, imakhala bwanji yadzidzidzi ikangofika pa geti la Nyumba ya Malamulo? Ine ndimaona kuti nduna zimachedwa dala, kuti komiti isapeze mpata wofunsa.

Komatu kale panali zotchingira zina. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anali ndi gawo 64, lotipatsa mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe. Aphungu analichotsa mu 1995. Analinso ndi Senate, nyumba yachiwiri momwe mukanakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana kuti aziunikanso mabilu. Sinakhazikitsidwe n'komwe, ndipo mu 2001 anaifufutiratu. Ndiye chatsala n'chiyani pakati pa chisankho china ndi chinzake? Khoti, limene limafuna loya ndi ndalama, ndi komiti. Tsopano aphungu alipo 229, kuchoka pa 193, ndipo onsewo akulandira ma alawansi a misonkhano ya makomiti kuchokera ku misonkho yathu.

Zimene ndikupempha si zodula. Bilu yokhudza malo, ntchito za m'maesiteti, nkhalango, migodi kapena madzi a m'phiri la Mulanje ikapita ku komiti, komitiyo izikhala tsiku limodzi ku holo ya ku Luchenza kapena ku Chitakale, zitseko zili pululu, anthu akuyankhula Chichewa kapena Chilomwe. Ndalama ya hotela ya kunyanja ikwanira ndi kutsala. Mfundo zikuluzikulu za biluyo azimasulire pa tsamba limodzi, aziwerenge pa Mzati ndi mawailesi ena, azimate ku ofesi ya DC ndi kwa ma T/A, n'kulengeza tsiku lomaliza lolandira maganizo ndi nambala ya WhatsApp yotumizirako. Lipoti la komiti likatuluka, lizinena poyera kuti anamva ndani ndipo anakana maganizo ati. Wina anena kuti anthu akumudzi sangamve za malamulo. Amene amaweruza milandu ya malire a minda pabwalo sabata ndi sabata ndi ndani? Phiri lathu linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa mu 2025, nkhani yokumba miyala ya bauxite ku Lichenya pamwamba pa phirilo imangozimirira n'kuyambiranso, ndiye musaganize kuti mabilu otikhudza atha.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Phungu akafika pamaliro timamuzungulira ndi nkhani ya bokosi, fizi ndi mpira wa timu ya m'mudzi, ndiye amaphunzira kuti ntchito yake ndi imeneyo. Ndi angati mwa ife amene tikudziwa komiti imene phungu wathu alimo? Ulendo wina akadzaima pamsonkhano, mmodzi adzuke mwaulemu n'kufunsa: "Olemekezeka, muli mu komiti iti, pa tebulo panu pali mabilu ati panopa, ndipo mubwera liti kudzatiwerengera musanakavote?" A makomiti a chitukuko a ADC ndi VDC, ikani funso limeneli pa ajenda. Amene muli ndi nambala za aphungu a Thyolo ndi Mulanje atumizireni uthengawu, ndipo akayankha mutiuze m'makomenti kuti ati chiyani.