Ife a ku Ntcheu nkhani zotere sizitidabwitsa

Alembi, mwanena kuti owerenga amakonda nthano za adani ogwa m'chikondi chifukwa mkangano umakometsa nkhani. Ndikuvomera, koma mwasiya china. Munthu amene umamuda umamuyang'anitsitsa kuposa wina aliyense. Umadziwa mayendedwe ake, chomukwiyitsa, ngakhale mmene amatsokomolera. Ndiye tsiku limene wachita chabwino chimodzi chokha, mtima umagunda, chifukwa sunayembekezere. Nkhani ya anthu okondana kuchokera tsamba loyamba ine ndimaisiya pakati, ndimagona nayo tulo.

Kwathu kuno ku Lizulu zimenezi si za m'mabuku mokha. Angoni a kwa Maseko adabwera ndi mikondo ndi zishango, nkumathira nkhondo Achewa. Kenako adakwatira akazi a Chichewa omwewo, ana nkumakula ndi chilankhulo cha amayi awo. Lero timavina ngoma, Inkosi ya Makhosi Gomani alipo, koma Chingoni chidatha pakamwa pa ambirife. Tinene kuti adagonja ndani pamenepa? Komatu maukwati ambiri a nthawi imeneyo anali a akazi ogwidwa kunkhondo, sizinali zokoma ngati za m'mafilimu.

Apa ndi pamene olemba ena amandikhumudwitsa. Mnyamata amenye mtsikana, amunyoze pagulu, mutu wotsiriza akuti ukwati. Ayi ndithu. Udani wokoma kuwerenga ndi wa anthu olingana mphamvu, ngati kunyozana kwa pachisuweni, kapena wa Bullets kufunsira wa Wanderers. Mchemwali wanga adakwatiwa choncho, ndipo tsiku la mpira nsima amadyera mbale zosiyana.