John Proctor anazengereza, ine sindimuombera m'manja

Mundikwiyire ngati mukufuna abale, koma ine sindili m'gulu la amene amamuombera m'manja John Proctor kumapeto kwa sewero la The Crucible. Ndaliwerenganso sabata ino, mtima wanga sunasunthe.

Kwa amene simunaliwerengepo: Arthur Miller anatulutsa seweroli mu 1953, potengera milandu ya ufiti ya ku Salem, Massachusetts, mu 1692, kumene anthu 19 ananyongedwa ndipo mkulu wina, Giles Corey, anamusanjikiza miyala mpaka kufa. Kumapeto kwa seweroli Proctor akusayina kalata yovomera ufiti kuti apulumuke, koma atamva kuti akaikhoma pachitseko cha tchalitchi, akuing'amba n'kusankha chingwe. Akuti dzina lake lokha sangapereke. Apa m'pamene anthu amagwetsa misozi.

Chabwino. Koma tabwererani koyambirira. Abigail Williams, mtsikana amene Proctor anagona naye mobisa ali wantchito pakhomo pake, ndiye amene ankatsogolera atsikana onamizira anthu ufiti, koma anamuuza Proctor ndi pakamwa pake kuti za ufitizo palibe, atsikanawo ankangovina kutchire. Ndiye kuti bamboyu zoona anazidziwa tsiku loyamba lenilenilo. Patapita masiku 8, mkazi wake Elizabeth akumuchonderera kuti akanene kubwalo la milandu, iye akungoti ndiganize kaye. Kuganiza chiyani? Ankadziwa kuti akatsegula pakamwa amufunsa kuti mtsikanayu anakuuzira kuti, munali ndi ndani. Usiku womwewo kunamveka kuti omangidwa afika 39, Elizabeth nayenso anamutenga ndi maunyolo. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Dzina limene akulifera kumapetoko ndi lomwelo limene linamutseka pakamwa anzake akulowa m'ndende.

Amene amandipweteka mtima ndi Elizabeth. Proctor ataulula chigololo chake pamaso pa oweruza pofuna kuonetsa kuti Abigail ndi wabodza, analumbira kuti mkazi wake sanama. Anamuitana mayiyo, osamuuza kuti mwamuna wavomera kale, n'kumufunsa ngati mwamuna wake ndi wachigololo. Anakana. Bodza limodzi lokha, lofuna kuphimba manyazi a mwamuna, ndipo ndi limene linagwetsa umboni wonse. Ndayesa kumudzudzula mayi ameneyu, zandikanika. Iye ankateteza mbiri ya mnzake, pomwe amuna onse omuzungulira aliyense ankateteza yake. Ndipo amene anamuika pamoto umenewu ndi mwamuna yemweyo, amene akanalankhula kale nkhaniyo isanafike apa.

Parris, m'busa wa ku Salem, ndisatayepo nthawi: mwana wake Betty, mmodzi wa atsikana ovina aja, ali gone pabedi, iye nkhawa ili pa udindo wake. Woipitsitsa ndi woweruza Danforth. Atamupempha kuti aimitse kaye kunyonga, anakana ponena kuti anthu 12 afa kale, ndiye kuchedwetsa enawo kuchititsa anthu kukayikira chigamulo cha bwalo. Mwamva? Kuli bwino enanso 7 afe kusiyana n'kuti bwalo lioneke kuti linalakwa. Pakati pa Danforth ndi Proctor pali mtunda, sindikukana, wina analapa wina ayi. Koma matenda anali amodzi.

Miller mwiniwake mu 1956 anakana kutchula mayina a anzake pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo ya ku America yofufuza achikomyunizimu, ndipo pamenepo ndimamuvulira chipewa. Chimene chimandidabwitsa ndi ichi: m'mbiri yeniyeni Abigail anali ndi zaka 11, Proctor cha m'ma 60, ndipo m'mabuku a milanduyo za chibwenzi mulibe. Miller anakweza zaka za mtsikanayo kufika 17, n'kupeka chigololocho kuti sewero likome. John Proctor weniweni ananyongedwa pa 19 August 1692 akukana ufiti, ndipo lero dziko lonse limamudziwa ngati bambo amene anagona ndi wantchito wake.