Padi popanda madzi ndi chitseko sisunga mwana m'kalasi

Zandikwiyitsa zithunzi zomwe zikuzungulira pa Facebook kuyambira dzulo. Alendo afika pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Mchinji, afoletsa atsikana a Sitandade 6 mpaka 8, aliyense paketi ya mapadi m'manja, n'kuwajambula. Kumbuyo kwa anawo, pachithunzi chomwecho, kukuoneka chimbudzi cha atsikana chopanda chitseko. Mjigo wa pasukulupo akuti unafa kalekale. Ndiye padiyo mwana akaisinthira pati? Akasamba m'manja ndi chiyani?

Mtsikana akakhala kumwezi amayenera kusintha pakatha maola 4 mpaka 6, ndipo tsiku loyamba ndi lachiwiri amasintha msangamsanga chifukwa magazi amachuluka. Wanyamuka kwawo 6 koloko m'mawa, aweruka masana, mtunda ukumudikira. Werengani maolawo. Sangachitire mwina, ayenera kusinthira kusukulu konko. Malo akasowa, padi imadzaza, yunifolomu imathimbirira, anyamata ayamba kuseka, mawa lake mwana sabwera. Akamajomba masiku atatu okha mwezi uliwonse, pa teremu ya miyezi itatu ndi masiku 9. Kenako tizidabwa kuti walephera bwanji mayeso a MANEB?

Vuto ndi malo osinthira. Madzi ndi chitseko, abale, osati zithunzi.

Chipinda chake sichifuna ndalama zoopsa. Chikhale mbali ya zimbudzi za atsikana, khomo lisayang'ane kubwalo. Chitseko chikhale ndi loko wa mkati, osati chiguduli cholendewera chomwe mphepo imakankha. Pansi pakhale pa simenti potsetsereka pang'ono, madzi azituluka ndi kangalande kupita m'dzenje la miyala lokwiriridwa, chifukwa madzi ofiira akamayenderera panja atsikana amasiyiratu kulowamo. Ndowa ya malita 20 yovindikira, kapu, sopo, msomali kukhoma wopachikapo chikwama, panja mpondagiya. Ndowayo pakhale munthu woionetsetsa kuti yadzazidwa m'mawa uliwonse. Ndowa youma ndi chimodzimodzi palibe.

Ena akuti athetsa zonse ndi mapadi ochapa. Ndi abwino ndithu, magulu a amayi a m'masukulu amasoka okha. Koma padi yochapa ndiyo imadya madzi kuposa yotaya. Imayamba yaviikidwa m'madzi ozizira, poti otentha amamatiritsa magazi pansalu, kenako kuchapa ndi sopo, kutsukuluza mpaka madzi ayere, n'kuyanika padzuwa mpaka iumiretu. Manyazi amachititsa ana kuyanika m'nyumba, kuseri kwa mphasa kapena kunsi kwa bedi. Imavalidwa yonyowa, ndiye kuyabwa, zilonda m'ntchafu ndi fungo. Amene akuopa maso a anthu aziyanika panja n'kuphimba ndi kansalu kopyapyala. Kupatsa mwana mapadi awiri okha ndi kumunamiza, makamaka nthawi ya dzinja pamene nsalu imachedwa kuuma. Akufunika asanu kapena asanu ndi imodzi, ena ali pachingwe, ena m'chikwama, ndi kajumbo kosungiramo yomwe wavula. Ndipo padi imagwira pa panti. Wopanda panti mwamupatsa chiyani?

Walira mvula walira matope. Wabweretsa padi asenzenso za mjigo ndi chitseko. Inde, umphawi ndi miyambo zilipo, ndipo boma linachotsa msonkho pa mapadi mu 2022, koma padi yotchipa siimanga chimbudzi. Pa 28 May chaka chilichonse, tsiku lokumbukira ukhondo wa amayi ndi atsikana akakhala kumwezi, timaguba ndi zikwangwani, pa 29 chimbudzi chilibebe chitseko. Mapadi otaya aja paketi imatha mwezi womwewo, ndipo popanda dzenje lake kapena powotchera amaponyedwa m'chimbudzi, saola msanga, chimbudzi n'kudzaza.

Komanso inu aphunzitsi amene mwana akapempha kutuluka mumamufunsa pamaso pa kalasi yonse kuti akupita kukatani, lekani! Mtsikana akakana kuimirira poyankha funso, mumamupatsa chibalo cholima m'malo moitana mphunzitsi wamkazi kuti amubwereke chitenje. Mwana wazaka 12, m'mimba mukumupota, inu mukumupatsa khasu.